Ulendo wa Robert Fortune ku China ndi Duwa la Mtima Wokha Magazi

Mwa maulendo onse amene akatswiri a zomera a ku Ulaya anayenda m'zaka za m'ma 1800 pofunafuna maluwa a m'mayiko akutali, ulendo wa Robert Fortune wa ku China, umene unayamba mu February 1843 ndi kutha mu May 1846, ndi umodzi mwa ochepa amene zipatso zake zikuonekabe mpaka lero m'minda ya maluwa ya ku Britain, ku Germany, ku Canada ndi m'mayiko ena ozizira. Chimodzi mwa zomera zimene munthuyu anabwera nazo ndi chimene akatswiri masiku ano amachitcha Lamprocapnos spectabilis, pamene Angerezi amati bleeding heart, ndiko kuti mtima wokha magazi. Duwa lake, limene kutalika kwake sikupitirira kwenikweni masentimita 3, lili ndi timasamba tiwiri takunja tofiirira motuwa timene timatukumuka n'kupanga chithunzi cha mtima, ndipo kunsi kwake kumatuluka timasamba tina tiwiri toyera timene timalendewera ngati dontho. Maluwawa samera limodzilimodzi koma amandandalikana pa kamtengo kamodzi kowerama, onse ataloza pansi, moti chomera chikakhwima bwino chimatha kufika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi momwe.

Fortune anabadwa mu 1812 m'dera la Berwickshire ku Scotland, m'banja la anthu ogwira ntchito za m'munda, ndipo luso lake analiphunzira ndi manja, poyamba m'minda ya anthu olemera a kwawoko, kenaka ku Royal Botanic Garden ya ku Edinburgh, asanasamukire ku Chiswick pafupi ndi London, kumene bungwe la Horticultural Society linamuika kukhala woyang'anira nyumba zagalasi zolereramo zomera za kumalo otentha. Chimene chinatsegula njira ya ulendo wake ndi nkhondo. Kwa zaka zambiri amalonda achingerezi ankalowetsa m'China mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium, ndipo boma la China litayesa kuletsa malonda oonongawa, Britain inayankha ndi zombo zankhondo mu 1839, mpaka China inakakamizidwa kusaina pangano la ku Nanking mu August 1842. Panganoli linapereka chilumba cha Hong Kong m'manja mwa Angerezi ndiponso linatsegulira alendo madoko asanu, omwe ndi Canton, Amoy, Foochow, Ningpo ndi Shanghai, amene anayi oyambawo lero amalembedwa Guangzhou, Xiamen, Fuzhou ndi Ningbo. Aliyense wosimba za kukongola kwa maluwa amene anatuluka m'China nthawi imeneyo sayenera kubisa kuti khomo limene anatulukira linachita kuthyoledwa ndi mfuti, ndipo eni dziko sanafunsidwe. Mfundoyi imalemera kwambiri tikakumbukira kuti duwa la mtima wokha magazi lili m'banja la zomera lotchedwa Papaveraceae, limenenso muli chomera chotulutsa opium, pamodzi ndi doza, thengo laminga la maluwa achikasu limene ambiri amalidziwa m'minda ya kuno.

Bungwe la Horticultural Society silinachedwe kugwiritsa ntchito mwayiwo. Linalemba Fortune ntchito pa malipiro a mapaundi 100 pachaka, ndalama zochepa ndithu poyerekeza ndi zoopsa zimene zinali kutsogolo, ndipo linamupatsa mndandanda wautali wa zomera zoti akafufuze, monga mapichesi akuluakulu a ku Peking, zomera za tiyi, timalalanje ting'onoting'ono totchedwa kumquat, ndi maluwa ena amene mbiri yake inangomveka m'kamwa mwa amalonda. Poyamba akuluakulu a bungwe sanafune kumupatsa mfuti, poganiza kuti chibonga chingamukwanire, koma iye ataumirira anamulola kutenga mfuti yosakira mbalame ndi zina zazing'ono za m'manja. Chida chofunika kuposa mfutizo chinali bokosi la Ward. Limeneli ndi bokosi lamatabwa lokhala ndi denga lagalasi, lomatidwa bwino kuti mpweya wa kunja usamalowe mwachisawawa, ndipo analitulukira ndi dokotala wa ku London, Nathaniel Bagshaw Ward, amene mu 1829 anaona kuti chomera chingakhale ndi moyo nthawi yaitali m'botolo lotseka, chifukwa madzi amene amachoka m'dothi ndi m'masamba masana amasanduka mame pagalasi usiku ndi kubwereranso kudothi. Mabokosiwa asanabwere, kunyamula zomera zamoyo panyanja kunali kutaya nthawi: mchere wa m'mphepo unkawauitsa masamba, madzi abwino ankasowa, amalinyero sankasamala, ndipo dokotala wina wa ku Macao, John Livingstone, analemba mu 1819 kuti mwa zomera 1,000 zotumizidwa kuchokera ku China, chimodzi chokha ndicho chinkafika ku England chili chamoyo.

Fortune ananyamuka pa chombo chotchedwa Emu kumapeto kwa February 1843, ndipo popeza ngalande ya Suez inali isanakumbidwe, njira inali yotsika ndi nyanja ya Atlantic, kuzungulira kunsi kwa Africa, ndi kudutsa nyanja ya Indian, ulendo wa miyezi inayi ndi masiku angapo. Atafika ku Hong Kong kumayambiriro kwa July anapeza chilumba chamiyala chimene tauni yake inali ikungomangidwa kumene, ndipo chaka chimenecho malungo anali kupha asilikali ndi amalonda ambiri. Sanakhalitseko. Analowera kumpoto motsata gombe, naima ku Amoy, ndipo pamene ankadutsa m'njira ya madzi ya pakati pa China ndi chilumba cha Formosa, chimene lero ndi Taiwan, namondwe anagwedeza chombo chake mpaka ena mwa mabokosi ake anasweka. Kumtunda nakonso sikunali kwamtendere, chifukwa pafupi ndi gombe la Chimoo gulu la anthu linamuzinga pamodzi ndi wantchito wake ndi kuwalanda katundu, zimene sizodabwitsa kwenikweni kwa mlendo wa mtundu umene unali utangothira kumene nkhondo madoko a dzikolo. Chigawo chakum'mwerachi sichinamupatse zambiri, popeza zomera zake zinali zodziwika kale ku Ulaya kudzera ku Canton, ndiponso zinali za kumalo otentha, zosatha kupirira chisanu cha ku England kunja kwa nyumba zagalasi.

Zinthu zinasintha pamene anafika pa chilumba cha Chusan, chimene lero chimalembedwa Zhoushan, kufupi ndi gombe la chigawo cha Zhejiang, kum'mawa kwa Ningbo. Chilumbachi chinali m'manja mwa asilikali achingerezi ngati chikole mpaka China itamaliza kulipira chindapusa cha nkhondo, ndipo chinabwezedwa mu 1846, kotero Fortune ankatha kuyendayenda m'mapiri ndi m'zigwa zake momasuka kusiyana ndi kumtunda, kumene mlendo sankaloledwa kupita patali kuposa pamene angabwerere tsiku lomwelo. Anabwerera pa chilumbachi kangapo m'nyengo zosiyanasiyana, ndipo uku ndiko kunali kuchenjera kwake, chifukwa wosaka zomera amene amangodutsa kamodzi amaona zokhazo zimene zachita maluwa sabata imeneyo, pamene wobwerera amaona chomera chikuphuka, chikuchita maluwa, chikubereka njere, ndiponso chikufota. M'miyezi ya April ndi May mapiri a Chusan ankafiira ndi maluwa a azalea, m'zigwa munali mpunga, ndipo m'mphepete mwa mapiri alimi ankalima tiyi wawo wakumwa pakhomo.

Koma duwa la mtima wokha magazi sanalipeze m'phiri. Analipeza m'tauni ya Tinghai, likulu la chilumbacho, m'munda wa mkulu wina wa boma, mmodzi mwa akuluakulu ophunzira amene Azungu ankawatcha mandarin. Minda ya anthu oterewa inali yaing'ono, yozingidwa ndi khoma, koma yokonzedwa mwaluso lalikulu: amisiri ankaunjika miyala yobooka ndi madzi kuti ipange timapiri ndi timapanga, ankakumba timaiwe, ankapinda tinjira kuti mlendo asaone munda wonse nthawi imodzi, ndipo chomera chilichonse chinkaikidwa pamalo pamene mwini wake anapaganizira. Munda umenewu Angerezi a pachilumbapo ankautchula ndi dzina lonena za mapanga ake, ndipo Fortune anafotokoza pambuyo pake kuti chomeracho chinkamera pakati pa miyala younjikidwayo, pafupi ndi chitsamba china cha maluwa ofiirira chimene anachitengeranso ku England, chomwe lero chimatchedwa Weigela florida. Malo amene mlimi wa ku Tinghai anasankhira duwali akuphunzitsa zambiri kuposa buku: mwala umapereka mthunzi dzuwa likakwera, umasunga chinyezi kumizu, umatchinjiriza nthambi zake zosalimba kumphepo, komanso dothi la pakati pa miyala silisunga madzi mpaka kuoletsa mizu. Zinthu zinayi zimenezi ndizo zimene alimi a maluwa amalangizidwa mpaka lero.

Mabuku ambiri a ku Ulaya amanena kuti Fortune anatulukira duwali, koma kunena kotere n'kulanda ulemu kwa eni ake. Kwawo kwenikweni kwa chomerachi ndi kumpoto kwambiri kuposa Chusan, m'nkhalango za m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa China ndi ku Korea, ndipo kuti chipezeke m'munda wa pachilumba cha kum'mwera ndiye kuti mibadwo ya alimi achitchaina inali itachizula kale kutchire, kuchiweta, kuchichulukitsa ndi kuchigulitsa kuchokera m'tauni ina kupita m'tauni ina. Anali nalo dzina lawo, hebao mudan, lolifanizira ndi kachikwama ka ndalama ndiponso ndi duwa la peony limene masamba ake amafanana nalo, ndipo ku Korea ndi ku Japan nakonso linali lodziwika ndi mayina akumeneko. Ngakhale ku Ulaya silinali lachilendo kotheratu, popeza Carl Linnaeus, katswiri wa ku Sweden amene anakhazikitsa njira yotchulira zamoyo ndi mayina awiri achilatini, anali atalipatsa kale dzina loti Fumaria spectabilis mu 1753 atangoona chomera chouma chopanikizidwa papepala. Ntchito ya Fortune, imene siyenera kuchepetsedwa, inali yozindikira kuti chomerachi chingapirire kuzizira kwa kwawo, kuchigula, ndi kuchifikitsa chamoyo kutsidya lina la dziko.

Kuzizirako anakulawa yekha. Miyezi yachisanu anaithera ku Ningbo ndi ku Shanghai, kumene madzi amaundana m'ngalande, ndipo anadandaula kuti m'nyumba za mazenera apepala zopanda moto wootha ankazizidwa kuposa momwe ankazizidwira kwawo. Nyengo yotereyi ndiyo imene duwa la mtima wokha magazi linazolowera, ndipo moyo wake wonse wa pachaka umayendera pa iyo. M'miyezi yozizira pamwamba pa nthaka sipaoneka kanthu, moyo wonse uli m'mizu yake yonenepa, imene imathyoka msanga ngati chinangwa chachiwisi munthu akaikumba mosasamala. Kuzizira kwa milungu yambiri ndiko kumadzutsa maso a pamizupo, moti kukayamba kufunda mu March kapena April mphukira zofiirira zimatuluka mwachangu, maluwa amabwera pakati pa April ndi June, ndipo kutentha kukafika pachimake masamba amachita chikasu n'kufota, chomera n'kubwereranso pansi. Alimi osadziwa amaganiza kuti chafa ndipo amakumba pamalopo, pamene chikungopuma. N'chifukwa chake odziwa amazika kamtengo posonyeza pamene pali mizu, ndipo amabzala pafupi zomera zina za mumthunzi, monga fern ndi hosta, zimene masamba ake amatambasuka mochedwa n'kuphimba mpata wotsalawo.

Ku Shanghai Fortune anathera nthawi yaitali m'manazale, amene eni ake poyamba ankamutsekera zipata pomuopa, koma pambuyo pake anazolowerana naye n'kuyamba kumugulitsa zomera. Kumeneko anapezanso duwa la anemone likumera pamanda, ndi chitsamba cha jasmine wachikasu amene amachita maluwa m'chisanu masamba asanaphuke. Mu June 1844 anaphwanya lamulo la malire: anameta mutu, navala zovala zachitchaina ndi tsitsi loluka lolendewera kumsana monga mwa mwambo wa amuna a nthawiyo, nakwera bwato m'ngalande mpaka ku Soochow, mzinda umene lero ndi Suzhou, wotchuka ndi minda yake ya maluwa, umene unali woletsedwa kwa alendo. Kumayambiriro kwa 1845 anapita mwachidule ku Manila kukagula maluwa a orchid, kenaka anafika ku Foochow, kumene anatsimikiza zimene akatswiri a ku Ulaya ankakana, zoti tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda amachokera ku chomera chimodzi ndipo amasiyana kokha m'kakonzedwe ka masamba.

Pochoka ku Foochow kubwerera ku Chusan anakwera chombo chachitchaina chonyamula matabwa, ali ndi malungo aakulu, ndipo panjira zombo za achifwamba a panyanja zinawalondola. Malinga ndi buku lake lotchedwa Three Years' Wanderings in the Northern Provinces of China, limene linatuluka mu 1847, iye anadzuka pamphasa, nadikira kuti achifwambawo ayandikire kwambiri, nawaombera ndi mfuti yake ya mipope iwiri mpaka anabwerera, ndipo zimenezi zinachitikanso kachiwiri patapita masiku ochepa. Nkhaniyi mboni yake ndi mwini wake yekha, ndipo m'buku lomwelo amalankhula za Atchaina monyoza kawirikawiri, ngakhale kuti ndi iwo amene ankapalasa mabwato ake, kunyamula mabokosi ake ndi kumusonyeza kumene kunali zomera. Wowerenga wanzeru amatenga m'bukumo zimene akunena za dothi, nyengo ndi kalimidwe, pamene diso lake linali lakuthwa zedi, koma amasamala ndi zimene akunena za anthu.

Zomera zake sanaziike m'chombo chimodzi. M'zaka zonsezo ankazisonkhanitsa ku Hong Kong ndi kuzitumiza pang'onopang'ono pa zombo zosiyana, kuti china chikamira zina zipulumuke, ndipo iye mwini ananyamuka mu December 1845 pa chombo chotchedwa John Cooper ali ndi mabokosi a Ward 18 omangiriridwa pamwamba chakumbuyo kwa chombo, kumene kuwala kumafika koma mafunde safikako kawirikawiri. Chomera cha kumalo ozizira chinayenera kudutsa kawiri m'chigawo chotentha cha pakati pa dziko, ndipo chimene chinapulumutsa duwa la mtima wokha magazi mwina ndi chikhalidwe chake chomwe chija chogona pansi, popeza linanyamulidwa m'nyengo imene linali mizu yokhayokha. Chombo chinafika ku London mu May 1846, ndipo mwa zomera 250 zimene zinali m'mabokosimo, 35 zokha ndizo zinafa, kusiyana kwakukulu ndi chiwerengero chija cha 1819. Duwali linachita maluwa ku Chiswick chaka chotsatira, ndipo popeza limachulukitsidwa mosavuta pogawa mizu kapena podula timizu ndi timphukira n'kubzala, m'zaka zochepa linali litachoka m'minda ya olemera n'kufika pakhomo pa anthu wamba. Fortune anabwereranso ku China mu 1848, ulendo uno atatumidwa ndi East India Company kuti akatenge mbewu za tiyi ndi amisiri ake kupita nazo ku India, ntchito imene inamutchukitsa kuposa maluwa, ndipo anamwalira ku London mu 1880.

Pamene duwa la ku Chinali linkafika ku England, linapeza abale ake a ku North America atafikako kale, ndipo kwa zaka zoposa 100 onse ankawerengedwa m'gulu limodzi lotchedwa Dicentra, mpaka mu 1997 pamene akatswiri, atapima DNA, imene ndi malangizo a chibadwa opezeka m'maselo a chamoyo chilichonse, anaona kuti la ku Asia lija ndi losiyana mokwanira kuti likhale m'gulu lakelake la Lamprocapnos. M'manazale ambiri dzina lakale la Dicentra spectabilis likugwirabe ntchito, choncho wogula adziwe kuti mayina awiriwa akunena chomera chimodzi. Mwa mitundu yake yolimidwa, Alba ali ndi maluwa oyera okhaokha, Gold Heart, amene anachokera ku Hadspen ku Somerset m'zaka za m'ma 1990, ali ndi masamba achikasu owala, ndipo Valentine ali ndi maluwa ofiira kwambiri pa nthambi zakuda.

Mbale wake wodziwika kwambiri ndi Dicentra formosa, amene kwawo ndi m'nkhalango zachinyezi za kugombe la Pacific kuyambira ku British Columbia mpaka ku California, ndipo kudziwika kwake ku Ulaya kumalumikizidwa ndi Archibald Menzies, dokotala wa ku Scotland amene anayenda ndi George Vancouver pakati pa 1791 ndi 1795. Ndi wamfupi, masamba ake ndi ong'ambikang'ambika mosalala, maluwa ake ndi aang'ono ndipo amakhala m'timagulu, ndipo amafalikira ndi matsinde oyenda pansi pa nthaka mpaka kuphimba malo aakulu pansi pa mitengo, moti m'munda waung'ono amafunika kumuchepetsa. Njere zake zili ndi kanthu koyera kamafuta kamene nyerere zimakakonda, choncho zimanyamula njerezo kupita nazo kuuna, n'kudya kamafutako, n'kutaya njere m'dothi lachonde la m'mbali mwa una, kumene zimamera. Kum'mawa, m'mapiri a Appalachian, kuli Dicentra eximia, amene amamera m'ming'alu ya miyala, maluwa ake ndi owonda, safalikira kwambiri, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti akapeza chinyezi samafota msanga koma amachitabe maluwa kwa miyezi ingapo. Kwa mlimi amene amafuna maluwa a nthawi yaitali, awiriwa ndi ana awo osakaniza, monga Luxuriant, amaposa duwa la Fortune, ngakhale kuti pa kukongola kwa duwa limodzi palibe amene amalifika.

Ena ndi ovutirapo. Dicentra cucullaria ndi Dicentra canadensis, a m'nkhalango za kum'mawa kwa North America, amakhala pamwamba pa nthaka milungu yochepa chabe mitengo isanavale masamba, ndipo woyambayo amadalira njuchi zazikulu zaubweya za lilime lalitali kuti zimunyamulire mungu. Dicentra peregrina, amene Ajapani amamutcha komakusa, amamera m'nsangalabwi za pamwamba pa mapiri ophulika kumene zomera zina sizikhala, ndipo m'munda wamba amafa msanga ndi chinyezi cha kumizu, koma ndiye anapereka masamba otuwa mobiriwira kwa mitundu yosakaniza monga King of Hearts ndi Burning Hearts. Palinso woyanga wa maluwa achikasu wa kumapiri a Himalaya, Dactylicapnos scandens. Onsewa, kuphatikizapo la Fortune, ali ndi poizoni wa gulu lotchedwa alkaloid m'mizu ndi m'masamba, amene amachititsa ng'ombe kudzandira zikadya zambiri, ndipo utomoni wake umayabwa khungu la anthu ena, kotero pogawa mizu ndi bwino kuvala magolovesi ndi kuonetsetsa kuti ana ndi ziweto sakutafuna.

Wowerenga wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete amene waona chithunzi cha duwali pa intaneti n'kulilakalaka ayenera kukumbukira chisanu cha ku Ningbo chija. Kuno kulibe nyengo yoteroyo. Ngakhale ku Nyika, kumene mtunda umapitirira mamita 2,000 ndipo chisanu chimawauitsa udzu mu June ndi July, kuzizirako ndi kwa usiku, masana dzuwa limafunditsanso nthaka, ndipo nyengo yozizira ndi yomweyo imene mvula kulibe. M'madera otsika ndi a kunyanja chomerachi, ngakhale chitaphuka chaka choyamba kuchokera ku muzu wogulidwa kunja, sichingapeze kuzizira kochidzutsa chaka chachiwiri. Amene ali ku Britain ndiwo angachilime mosavuta, pamthunzi wa khoma kapena wa mtengo, m'dothi lothiridwa manyowa a masamba oola.

Komabe dzina lomweli limaperekedwanso ku chomera china chosakhudzana konse ndi zimenezi, ndipo chimenecho ndi cha mu Africa. Clerodendrum thomsoniae ndi chomera choyanga cha m'nkhalango za kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Senegal mpaka ku Cameroon, cha m'banja la Lamiaceae, limenenso muli mtengo wa malaina. Ulendo wake unali wofanana ndi wa duwa la ku Chusan koma wochokera mbali ina: mmishonale wa ku Scotland, William Cooper Thomson, amene ankatumikira ku Old Calabar m'dziko limene lero ndi Nigeria, anachitumiza ku Royal Botanic Garden ya ku Edinburgh, komwe Fortune anaphunzirira ntchito, ndipo mu 1862 John Hutton Balfour, mkulu wa mundawo, anachitcha dzina pokumbukira mkazi wa Thomson amene anali atamwalira.  Duwa la chomerachi lili ndi chikho choyera chotukumuka cha mbali zisanu, ndipo m'kati mwake mumatuluka kaduwa kofiira ngati magazi kokhala ndi tinsinga titalitali, maluwawo n'kukhala m'magulu olendewera pakati pa masamba obiriwira kwambiri. Chimakwera mpaka mamita 4 chikapeza mpanda kapena nsanamira ya khonde, chimakonda dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana, chimafuna madzi okwanira m'miyezi yotentha ndi ochepa m'miyezi yozizira, ndipo popeza maluwa amabwera pa mphukira zatsopano, kuchidulira kumapeto kwa chisanu kumachulukitsa maluwa. Kanthambi kodulidwa n'kuzikidwa mumchenga wonyowa kamagwira mizu m'milungu yochepa, choncho mlimi safunika ndalama zakunja kapena chilolezo cholowetsera mbewu m'dziko, koma mnansi amene ali nacho kale.

Mlimi wa maluwa wa kuno amene akufunsa za mtima wokha magazi kunazale ayambe wafunsa dzina lachilatini asanatulutse ndalama. Likakhala Lamprocapnos kapena Dicentra, chomeracho n'cha kumayiko a chipale chofewa ndipo sichidzakhalitsa pakhomo pake. Likakhala Clerodendrum thomsoniae, agule, abzale kumayambiriro kwa dzinja pafupi ndi mpanda woyang'ana kum'mawa, ndipo achiteteze ku chisanu ngati ali kumalo okwera monga Dedza.